Manda Amene Ndinasiya Kunja kwa Zikhomo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cholemba bwino, basi. Sindikunena za nzeru kapena mapepala a sukulu, iyayi, ndikunena dzanja lenilenili. Ndinali nditamaliza Giredi 12 zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo ndinkangothandiza amayi kugulitsa kapenta ndi nyemba pamsika wa Maramba. Munali m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene mafakitale a mu Livingstone ankatsekedwa motsatizana. Amuna a ndevu zawo ankangokhala pansi pa mitengo kusewera nsolo tsiku lonse, ndiye mtsikana ngati ine ntchito akanaitola kuti?

Kutchalitchi kwathu ndine ndinkalemba mayina m'buku la kwaya. Tsiku lina titaweruka, bambo wina wamtali wa Chilozi, dzina lawo Ba Sitali, anatenga bukulo n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Alemba umu ni ndani?" anafunsa.

Ndinati ndine.

"Uyopa manda?"

"Niyopa chabe njala," ndinayankha, osadziwa n'komwe kuti akundifunsa za ntchito.

Ba Sitali ankatsogolera kagulu kamene akuluakulu a mipingo ndi a midzi anakakhazikitsa kuti kaziteteza manda akale. Malo ozungulira tauni ankagawidwa kwa anthu otsegula mafamu ndi malo ogona alendo, koma m'tchire limenelo munali mabwinja a midzi imene anthu ake anasamuka kalekale. Manda awo anatsala okha, opanda mwala wolembedwa, opanda mpanda. Ntchito yathu inali yowapeza, kuwawerenga, kuwajambula pamapu, kukhoma zikhomo mozungulira, kenako kumanga mpanda wa waya waminga pa mitengo ya mupani. Mapu athu ndi amene ankapatsidwa kwa anthu olambula misewu kuti adziwe poyenera kulambalala.

Amayi atamva anagwira kumutu. Ife ndife Achewa a ku Katete, ndipo kwathu ntchito ya kumanda ndi ya amuna. "Esinati, ntchito zonsezi padziko, iwe wasankha ya kumanda? Adzakukwatira ndani?" anatero. Koma Lolemba m'mawa ndi iwo omwe anandiphikira mbatata zoti ndinyamule, ndipo madzulo ndinapeza ataika beseni la madzi pakhomo kuti ndisambe m'manja ndi kumaso ndisanalowe m'nyumba.

Zida zathu zinali zochepa: tepi yoyezera, kampasi, chingwe, zikhomo, njereza yopaka zikhomozo kuti zizioneka patali, zikwanje, ndi buku lalikulu la chikuto cholimba limene ndinkalisunga ine. Chida chachikulu chinali chitsulo chimene Ba Sitali anakawotcheretsa pamsika wa Maramba. Chinali chotalika kufika pachifuwa, kunenepa kwake ngati chala chachikulu, chosongoka kunsi, chogwirira chopingasa pamwamba. Tinkangochitchula kuti ndodo. Nthaka imene inakumbidwapo silimbanso ngati kale, ngakhale papite zaka makumi asanu. Ukakanikiza ndodo pamalo osakumbidwa imakana, koma pamanda imalowa mofewa, ndipo ukangomva kufewako umaleka pomwepo, suipitiriza.

Malamulo a Ba Sitali anali okhwima. Osaponda pamanda. Osachotsa mbale yosweka, mphika wobooka kapena botolo, chifukwa zimene wodutsa amaziona ngati zinyalala ndizo chizindikiro chokhacho chimene abale anasiya. Mwala wolembedwa ukapezeka, kuutsuka ndi madzi ndi burashi yofewa, osati yawaya. Ndipo kufika pamalo dzuwa likungotuluka, chifukwa nthawi imeneyo pamene nthaka inatitimira pamagwa kamthunzi, manda n'kuonekera okha. "Taimu ya teni maso yasila nchito," ankatero. "Kwasala ndodo."

Ndisaname, ntchitoyi ndinaigwira msanga ndipo ndinaidziwa. Patangotha miyezi inayi ndinkaona manda Ba Sitali asanawaone. Mapu anga anali audongo moti akuluakulu a komiti yotiyang'anira ankapatsirana kuti aone. Ndiye mutu unayamba kukula. Amuna awiri amene ankatchetcha udzu ndi kumanga mipanda ndinkawalamula ngati ndine ndinawalemba ntchito. Mmodzi wa iwo, Ba Hamoonga, anali Mtonga wachikulire wosakonda kulankhula, ndipo ine ndinkaganiza kuti kusalankhulako ndi kusadziwa.

Mu Okutobala Ba Sitali anagwa ndi malungo. Sabata yomweyo tinauzidwa kuti msewu wopita ku famu yatsopano udutsa pa bwinja la mudzi wa Atoka, anthu olankhula Chitonga, kupitirira Libuyu, cha kumtunda kwa mtsinje wa Maramba. Ba Sitali akunjenjemera m'bulangete anandipatsa ndodo. "Pita, uziba nchito," anatero. Mtima wanga unavina, chifukwa aka kanali koyamba kuti mapu atuluke ndi dzina langa lokha.

Lolemba tinafika m'mamawa. Ndinangoyang'ana uku ndi uku n'kuona kankhalango ka mitengo yosadulidwa kum'mawa kwa bwinjalo, ndipo ndinalunjika komweko. Kwathu ku Katete manda amakhala choncho: msitu umodzi kunja kwa mudzi, wosalowa nkhwangwa, onse a m'mudzi agona pamodzi. Malo onse amene tinagwirapo kale, a kumamishoni ndi a m'makampu a anthu a njanji, analinso a pamodzi. Munkhalangomo ndinapezadi manda khumi ndi amodzi, ena ali ndi mbale zosweka, awiri ali ndi mitanda yachitsulo ya dzimbiri. Ndinayeza, ndinajambula, tinakhoma zikhomo. Pansi pa mapu ndinalemba kuti kwina konse kulibe manda, ndinasaina, ndipo pepala lina linapita kwa olambula msewu.

Lachinayi tinabwerera kukamanga mpanda. Giledala, chimakina chachikasu chosalaza msewu chija, inali itafika kale, ikukankha dothi ndi zitsa motsatira timitengo ta nsalu zofiira tosonyeza modutsa msewu. Kunkatentha monga kumatenthera mu Livingstone mvula isanagwe, waya osagwirika ndi manja. Cha m'ma leveni tinaona mayi wina akubwera chothamanga m'fumbi la giledala, chitenje chili m'chiuno, nsapato zili m'manja. Anali wa zaka ngati makumi asanu. Anadziwika kuti ndi Bina Choolwe, kutanthauza amake a Choolwe, ndipo ankagulitsa chibwantu, chakumwa chonga thobwa, ku Libuyu. Dzulo lake munthu wina akumwa chibwantu anatchula kuti msewu ukudutsa pamudzi wakale, ndiye iwo analawira wapansi.

Anayang'ana zikhomo zanga zoyera zija, kenako anandiyang'ana ine. "Ndimwe mwapima apa? Nanga batate bali kuti?"

Ndinawasonyeza mapu monyadira, ndinati manda onse khumi ndi amodzi ali mkati mwa zikhomo.

"Aba ni ba chalichi, banayamba pambuyo," anatero. "Batate sibanali ba chalichi. Banali na ng'ombe. Tinabaika mu khola."

Pepani, apa ndiye ndinaonetsa khalidwe langa loipa. M'malo momvetsera ndinakweza mawu. Ndinati ine ndayenda malo onsewa, ndinati munthu saikidwa m'khola ngati ndowe, ndinati mwina aiwala poti anachoka ali mwana. Mpaka lero ndikakumbukira mawu a ndowe aja ndimachita manyazi. Mayiwo anangotembenukira kwa Ba Hamoonga n'kulankhula nawo m'Chitonga.

Ba Hamoonga anaika pansi nyundo. "Ni zoona, Ba Esinati. Kwathu kale mwamuna wa ng'ombe tinali kumuika mu khola yake. Bana bang'ono pafupi na nyumba ya bamai babo."

"Nanga pa Mande munali kuti? Simunaniuze chifukwa chani?"

"Simunafunse," anayankha mofatsa.

Ndinayang'ana kumadzulo kwa bwinjalo, kumene Lolemba sindinapondeko n'komwe, ndipo timitengo ta nsalu zofiira tinkadutsa pomwepo. Giledala inali itatsala mtunda woti munthu angaponye mwala kawiri. Mpeni wake umapala dothi n'kufafaniza chilichonse, ndipo pambuyo pake pamabwera malole a miyala. Bambo a Bina Choolwe akanagona pansi pa msewu, malole akuwadutsa pamwamba tsiku ndi tsiku, ndipo wolemba kuti palibe munthu pamenepo ndinali ine.

Ndinathamangira kwa woyendetsa giledala, Ba Mwansa, bambo wojintcha wa Chibemba wovala kapusi yamafuta. Anandimvetsera injini ikulira, kenako anatulutsa pepala langa lija m'thumba la malaya.

"Sisita, iyi mapu ni yanu. Dzina ni yanu. Ine baniuza nifike ku mumana lelo." Analoza kumtsinje n'kuyang'ana wotchi. "Nizaima nidye. Wani awa. Nikasiliza, napita."

Ola limodzi, dzuwa lili paliwombo, popanda ngakhale kamthunzi kondithandiza. Ndinafunsa Bina Choolwe kuti khola linali pati. Anachoka pamudzipo ali mtsikana wosatha msinkhu, ndipo tchire linali litasintha zonse. Chimene ankakumbukira ndi chakuti potuluka m'nyumba ya amayi awo mlambe unkakhala kudzanja lamanja, khola kutsogolo. Mlambe unalipo ndithu. Ba Hamoonga, amene tsopano ndinkawamvera ngati mphunzitsi, anati tiyang'ane kapinga, chifukwa pamene panagona ng'ombe zaka zambiri udzu wina sumera bwino koma kapinga yekha. Tinamupeza: bwalo lozungulira la kapinga wouma, mapazi makumi awiri m'mimba mwake, dothi lake lotuwa ngati phulusa. Timitengo tiwiri tofiira tinali mkati mwenimweni mwa bwalolo.

Ndinakanikiza ndodo m'mphepete, inalowa mosavuta. Ndinasuntha, inalowanso. Ndinasunthanso, chimodzimodzi. Mayo ine! Ndowe za zaka zambiri zinafewetsa khola lonse, moti ndodo inkandiuza kuti paliponse ndi manda. Ndinatsala pang'ono kulira. Koma nditakanikiza kwambiri ndinamva kuti ikalowa kutalika kwa mkono, kuchokera pachala kufika pachigongono, imagunda nthaka yolimba n'kuima. Ndiye kuti pamanda pokha ndi pamene ikanapitirira. Kuti ndipeze malowo ndinayenera kulowetsa ndodo mozama kuposa mmene Ba Sitali ankalolera.

Ndinawafotokozera Bina Choolwe kuti zimenezi sindingachite popanda chilolezo chawo. Anagwada m'mphepete mwa kapinga, anaomba m'manja mofatsa, n'kulankhula ndi bambo awo m'Chitonga mawu ochepa. Atadzuka anati, "Nabauza. Chitani."

Bwalo lonse sitikanalimaliza pa ola limodzi. Mayiwo anakumbukira kuti bambo awo anaikidwa pafupi ndi chipata cha khola, ndipo Ba Hamoonga anati chipata chimayang'ana kunyumba. Anayendayenda n'kupeza timilu ta dothi la makoma ogwa ndi mphero yosweka, ndipo tinadziwa mbali yake. Tinakoka chingwe, ine n'kumabaya pa theka lililonse la phazi. Mzere woyamba, palibe. Wachiwiri, palibe. Chitsulo chinatentha, matuza anatuluka m'manja n'kuphulika, thukuta likulowa m'maso. Ndili pakati pa mzere wachinayi ndinamva injini ikudzuka.

Ba Mwansa anabwera pang'onopang'ono mpaka mpeni unaima mapazi ochepa kuchokera pa kapinga, ndipo anaimba huta kuti tichoke. Sanali munthu woipa. Anali ndi abwana ake, ndipo m'thumba anali ndi pepala lonena kuti apite. Ndinadziwa kuti kukuwa sikungathandize, ndipo kugona kutsogolo kwa giledala kukanangokhala sewero. Chomuimitsa chinali chimodzi chokha, ndipo chinali chowawa.

Ndinakwera pa sitepe ya giledala. "Ba Mwansa, nalakwisa ni ine. Iyo mapu ni ya boza. Nipaseni."

Ndinatenga pepalalo, ndinalitsamiritsa pa chitsulo chotentha cha giledala, n'kulemba modutsa pakati pa mapu anga okongola aja kuti ndi olakwika, kuti ine Esinati sindinayeze mbali ya kumadzulo, ndipo kuti ndine ndaimitsa ntchito ya msewu. Ndinasaina ndi dzanja la magazi a matuza, moti zilembo zake zinali zokhotakhota ngati za mwana wa Giredi 1. Ndinkadziwa kuti pepalalo likafika kwa abwana ake lidzafikanso ku komiti, ndipo ntchito yanga ikhoza kuthera pomwepo.

Ba Mwansa anawerenga kawiri. "Muziba kuti bazakupishani nchito?"

"Niziba."

Anapinda pepalalo, analibweza m'thumba, n'kuzimitsa injini. Kenako anatsika, anayang'ana mnzathu wina uja amene ankagwira chingwe mokhota, n'kumulanda. "Leta kuno, iwe. Ine ndiye niziba laini."

Tinapitiriza, woyendetsa giledala atagwira chingwe mbali ina, Ba Hamoonga mbali ina. Mzere wachisanu, palibe. Wachisanu ndi chimodzi, palibe. Mumtima ndinayamba kuopa kuti mwina ndataya ntchito pachabe, mwina chipata chinali kwina. Bina Choolwe anali chiimire, manja atawapinda pachifuwa. Pa mzere wachisanu ndi chiwiri, kubaya kwachitatu, ndodo inafika pa mkono umodzi paja pamene inkaimira, koma sinaime. Inapitirira yokha mofewa, ndipo ndinaigwira msanga ndi manja onse awiri kuti isatsike kwambiri.

Sindinakhulupirire msanga, chifukwa pamalo amodzi pakhoza kukhala una wa nyama kapena chitsa chowola. Ndinabaya theka la phazi kutsogolo, inapitirira. Kutsogolonso, inapitirira. Kumbali, inakana. Paliponse pofewa Ba Hamoonga ankaikapo kamwala, ndipo timiyalato titakwana tinajambula malo otalika ngati munthu wamkulu atagona, pafupi ndi chipata, monga mmene mayiwo ananenera. Kamtengo kamodzi ka nsalu yofiira kanali kataima chakumutu.

Ba Mwansa anavula kapusi, anazula kamtengo kaja n'kukaponya kutali. Bina Choolwe anakhala pansi mwakachetechete n'kuyala dzanja pa kapinga. Sanalire mokweza monga timalirira kwathu. Misozi inkangotsika, iwo akusisita udzu wouma uja ngati akusisita mutu wa mwana wodwala. Ine ndinagwada pambali pawo n'kupepesa chifukwa cha mawu anga aja. Anayang'ana manja anga, anang'amba kansalu kumapeto kwa chitenje chawo n'kundimanga. "Muli na pakamwa, mwana wanga," anatero, "koma na manja muli nayo."

Tsiku lomwelo tinazula zikhomo zina kunkhalango kuja n'kuzikhoma kuzungulira khola lonse. Tinayang'ananso pafupi ndi timilu ta nyumba tija, ndipo tinapeza manda ang'onoang'ono atatu a ana. Amenewanso akanapita ndi giledala. Madzulo Ba Mwansa anabweza chimakina chake osafika kumtsinje, ndipo patapita masiku akuluakulu anagwirizana kuti msewu usunthidwe.

Loweruka ndinapita kwa Ba Sitali ku Malota nditanyamula buku, ndili wokonzeka kulisiya komweko. Ndinawapeza atakhala pakhonde, akumwa phala, maso adakali achikasu. Nkhani inali itawafika kale. Ndinawafotokozera zonse osabisa, ngakhale zoti ndinalowetsa ndodo mozama, ndipo ndinapempha kuti andilole ndichotse tsamba la mapu olakwika m'bukumo ndijambule ena.

"Usang'ambe," anatero. "Jambula yasopano pa peji ya pambali. Wamene azabwela pambuyo pako aone zonse ziwili." Kenako anawonjezera kuti nawonso kwawo ku Mongu amaika mwa njira yawo, ndipo m'malo atatu amene tinagwirapo kale sanafunse aliyense. Atachira tinabwerera kumalo onse atatuwo ndi Ba Hamoonga patsogolo, ndipo pa awiri tinapeza anthu amene tinawasiya kunja kwa mpanda. Ku komiti Ba Sitali anandiimira, ntchito sinathe. Ndinagwira nawo zaka zisanu ndi chimodzi.

Anthu akandifunsa chimene ndimanyadira pa ntchito imeneyo amayembekezera kuti nditchula mapu okongola. Ndinajambula ambiri, ndipo ena anali abwinodi. Koma pepala limene ndimanyadira kuposa onse ndi lija la zilembo zokhota, limene ndinalembapo ndekha kuti ndalakwa anthu onse akuona, giledala ikulira. Kuyambira tsiku limenelo sindinayezenso malo ndisanapeze munthu wa pamalopo, kukhala naye pansi, n'kumufunsa kuti anthu a kwawo amawaika pati. Ena ankandiuza za khola, ena za pansi pa nkhokwe, ena za kuseri kwa nyumba, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiuza zofanana ndi za ku Katete.

Mpanda wa pakhola paja tinaumaliza sabata yotsatira, Bina Choolwe alipo. Titakhoma msomali womaliza tinalongedza zida, ndipo ndinawauza kuti tiyendere limodzi kubwerera ku Libuyu dzuwa lisanapendeke. Anakana. Anatsegula kachipata kamene Ba Hamoonga anawapangira, analowa, anayala chitenje pambali pa timiyala tija n'kukhala pansi.

"Pitani imwe," anatero. "Ine nikali na nkhani zambili na batate. Sibaziba na kuti nili na bazukulu."